Mawu amene amayi anatsala nawo

Amayi anga sankadya mbewa. Anakwatiwa ku Chiparamba, kumene mwana amayamba kukumba mbewa asanayambe sukulu, koma iwo osalawako n'kamchira komwe. Atate akabwera nazo kuchokera kumunda, amayi ankaziwaula, n'kuziphika bwinobwino m'kamphika kakekake kamene kankakhala kuseri kwa khitchini, n'kutipatsa. Iwo ankadyera chibwabwa. Nkhumba nayonso ayi, ankati imawatulutsa zidzolo. Ife ana tinkangowaseka, timvekere, "Amayi, zabwino zikukupitani." Iwo ankangoti, "Idyani inu a mimba zolimba."

Pa zopemphera panalibe wowaposa. Korona sankachoka m'khosi mwawo. Lamulungu ankayamba ndi iwo kufika kutchalitchi, tsache lili m'manja. Ndiwo anandiphunzitsa Atate Athu ndi Tikuoneni Maria ndisanadziwe n'kumanga chitenje komwe, ndipo ngati lero ndimatha kugwada zinthu zikandithina, ndimathokoza iwowo. Za kumene anachokera tinkadziwa pang'ono chabe: kuti atate anawapeza ku Malawi pamene ankagwira ntchito ku esiteti ya fodya, n'kubwera nawo kuno. Tikafunsa za agogo a kumeneko ankati, "Kwathu kunatha anthu," n'kutituma kumadzi.

Sitoloko, nthenda ija yofoola ziwalo, inawagwira atakalamba kale, nthawi yokumba nshawa. Anagwa m'munda khasu lili m'manja. Amene anawabereka kumsana mpaka kumsewu ndi alamu anga, akazi a achimwene anga aakulu. Chimwalirireni atate, alamuwo ndiwo ankakhala ndi amayi, kuwaphikira, kuwachapira, kukangana nawo za mchere wa m'ndiwo ngati mwana ndi mayi wake. Kuchipatala anatiuza kuti dzanja ndi mwendo wakumanja zafa, ndipo pakamwa patsekeka. Atatuluka tinawatengera kunyumba kwanga ku Nabvutika kuti azikhala pafupi ndi chipatala kochitira mafizo owongola ziwalo. Alamu anasiya ana awo kumudzi n'kubwera kudzandithandiza, poti amayi sankalola munthu wina kuwasambitsa.

Kwa nthawi ndithu amayi sanatulutse liwu. Ukawafunsa kanthu ankangokuyang'ana, milomo ikunjenjemera, kenako misozi. Ine ndinkakhala pambali pawo kupemphera korona mokweza kuti mwina atsatire. Mikandayo ankaigwira ndi dzanja lamanzere, koma mawu osabwera.

Tsiku lina masana ndikusesa pakhonde ndinamva munthu akuimba m'chipinda. Sikunali kuimba kwenikweni, komanso sikunali kulankhula. Mawu ake ankakwera pang'ono, n'kukoka, n'kutsika, n'kupuma. Ndinaganiza kuti ndi foni ya alamu. Nditasuzumira, tsache linagwa lokha. Anali amayi. Anakhala tsonga pamphasa, nkhope ili yonyowa, akutulutsa mawu omveka bwinobwino, opanda chibwibwi, koma osakhala Chinyanja, osakhala Chingoni cha azigogo, osakhalanso Chizungu. Atamaliza anapukuta kumaso ndi chikhatho n'kukhala chete.

Alamu anali atagwada pambali ndi beseni la madzi, pakamwa pali yasa.

"Alamu, n'chiyani ichi?"

"Ine ndidziwa bwanji, alamu? Amaloza beseni. Ndawapatsa madzi, asamba m'manja, achukucha m'kamwa, asamba kumaso, andilozera kuti ndiwatsuke mikono ndi mapazi. Ndangomaliza, basi ayamba."

Ndinawagwira phewa. "Amayi, mwati bwanji? Nenaninso. Ndine mwana wanu." Anandiyang'ana, milomo inayesa, palibe chinatuluka. Dzina langa silinabwere, koma mawu achilendo aja anali atangotuluka ngati madzi a pampopi.

Kuyambira pamenepo zinkachitika tsiku lililonse, m'mawa, masana, dzuwa likapendeka, ndiponso likamalowa. Kuloza beseni, kusamba mwa dongosolo lomwelija, kenako mawu aja. Ndinawaza madzi odalitsa m'nyumba monse. Amayi a mumphakati wathu anabwera kudzapemphera, anamva, anayang'anizana, mmodzi n'kunena chapansipansi kuti, "Mwina ndi malilime." Wina anati, "Malilime a munthu wodwala ndi oopsa, sudziwa amene akulankhula." Anapita msangamsanga osamwa n'tiyi yemwe.

Achimwene anali atasiya Chikatolika zaka zingapo m'mbuyomo, akupemphera ku kagulu kena ka ku Kapata komwe kamasonkhana m'tenti. Atamva nkhaniyi anabwera kuchokera kumudzi ali ndi mneneri wawo, bambo wa suti yoyera ndi thaulo paphewa. Sindinafune kuti alowe, koma amayi ndi a tonse, ndipo mkulu ndi mkulu. Bambo a ana anga anangoti, "Za kwanu sindilowerera," n'kutuluka.

Mneneriyo anadikira mpaka dzuwa litapendeka. Amayi analoza beseni, alamu anabweretsa madzi, anawasambitsa, mawu aja anayamba. Bamboyo anatseka maso, akugwedeza mutu, thukuta likutsika. Amayi atamaliza anatsegula maso n'kunena kuti, "Ndamva. Ichi ndi chilankhulo cha angelo. Mzimu ukulankhula chifukwa pakamwa pa thupi anapatseka ndi anthu."

"Ukuti chiyani, abusa?" anafunsa achimwene.

"Ukuti mdani sali kutali. Ukuti dzanja limene limandidyetsa ndi limene linandigwetsa. Simukuona kuti mawu amabwera akangowakhudza ndi madzi? Mzimu ukukuwa. M'madzimo muli zinthu." Ananena akuyang'ana alamu, amene anali chigwirire beseni.

Sindidzaiwala nkhope ya alamu anga. Sanalire, sanakuwe. Anangoika beseni pansi pang'onopang'ono ngati ladzaza mazira.

"Abambo," anatero kwa amuna awo, "ine?"

"Khala chete! Ndani anali nawo kumunda tsiku limene anagwa? Si iwe wekha?"

"Ndinali ndekha chifukwa inu munali ku tenti."

Achimwene anadzuka ngati awamenya mbama. Ine ndinalowa pakati. "Achimwene, munthu uyu anawabereka amayi kumsana. Mfiti imabereka munthu kupita naye kuchipatala?"

"Iwe mlongo wanga, wamva iwe zimene amayi akunena?"

"Sindinamve."

"Ndiye ukutsutsa chiyani? Wamva ndi uyu."

Ndinangolekeza sukulu ku pulayimale, Baibulo ndimawerenga ndi chala, ndipo za angelo sindinganame kuti ndimazidziwa. Mtima unkandiuza kuti ndi bodza, koma mtima si umboni.

Achimwene analamula zinthu ziwiri. Choyamba, alamu asakhudzenso amayi, kaya chakudya chawo, kaya madzi awo. Chachiwiri, Loweruka kubwere akuluakulu a mbali zonse, alamu abwezedwe kwawo. Kwathu ndi kwa Angoni, ng'ombe zinaperekedwa kalekale, ndiye mkazi akabwezedwa amapita yekha, ana amatsala. Wamng'ono wa alamu anali asanayambe n'sukulu yomwe. Ndipo mkazi wochoka ndi dzina la ufiti, ngakhale kwawo amamulandira ndi maso a m'mbali.

Masiku otsatirawo alamu ankakhala kuseri kwa nyumba pansi pa mtengo wa mapeyala, akusenda nshawa zimene palibe anawatuma. Amayi anakana kudya. Ndikabwera ndi phala ankatembenukira kukhoma. Ankaloza beseni, ine n'kubweretsa, koma sindinkadziwa dongosolo lake, ndinkayamba ndi mapazi, iwo n'kukankha beseni madzi n'kutayika. Mawu aja anayamba kutuluka mwa apo ndi apo, ofooka, osakanikirana ndi kulira. Nditaimbira foni achimwene anati, "Waona? Anawamanga kuti azidya za m'manja mwake zokha." Chilichonse chimene chinkachitika chinkasanduka umboni.

Tsidya la mpanda wanga kumakhala mayi wina wachisilamu, wosoka mayunifolomu a sukulu. Tinakhala moyandikana zaka zambiri, tikubwerekana mchere ndi makala pamwamba pa mpanda, koma sindinalowepo m'nyumba mwake, iyenso sanalowepo mwanga. Panalibe chidani. Zinangokhala choncho. Chaka chilichonse akamaliza mwezi wawo wosala kudya ankandipatsira mbale ya mpunga wa nyama ndi masamusa, ine pa Khirisimasi ndinkamupatsira nkhuku yamoyo kuti akaiphe okha mwa mwambo wawo. Nthawi imene amayi ankabwera iye anali ku Lundazi kodwazika mchemwali wake. Atabwerako anamva kuti kwathu kuli matenda, ndipo Lachinayi masana anagogoda pageti ali ndi kabotolo ka uchi.

"Odi, aneba! Mwabisa matenda ngati mimba ya mwana wasukulu?"

"Lowani, aneba. Koma musadabwe ndi zimene muone."

Anavula nsapato pakhomo, n'kugwada pafupi ndi mphasa. "Agogo, mwaswera bwanji?" Amayi ankangoyang'ana mpango umene anebawo anafunda kumutu mpaka m'khosi. Anauyang'ana nthawi yaitali. Kenako, osasamba n'komwe, anayamba mawu aja ndi liwu laling'ono, n'kukakamira pakati, mpweya utawathera.

Aneba anamalizitsa.

Ndikunena zoona pamaso pa Mulungu. Pamene amayi analekezera, mayi uja anapitiriza ndi kamvekedwe komweko, kukwera pomwe amayi ankakwera, kukoka pomwe ankakoka. Amayi anatukula mutu, anagwira chitenje chake ndi dzanja lamanzere, n'kulowanso. Anayendera limodzi mpaka kumapeto, n'kupukuta kumaso onse awiri nthawi imodzi. Ine ndinakhala pansi pomwepo pakhomo.

"Aneba," anatero mayiyo, "bwanji simunandiuze kuti amayi anu ndi Asilamu?"

"Asilamu ati? Amayi anga ndi Akatolika. Onani korona m'khosimo."

"Korona ndikumuona. Koma ichi ndi Chiarabu. Ndi chiyambi cha Kurani, pemphero loyamba limene mwana wa Msilamu amaphunzira asanathe n'kudzipukuta mamina. Ndipo agogowa akutchula bwino kuposa ine. Anaphunzitsidwa ndi munthu wodziwa, ali aang'ono."

Anawalankhula mawu angapo m'Chiyao, chilankhulo cha makolo ake. Amayi anagwedeza mutu kuvomera, misozi ikutsika mbali imodzi ya nkhope. Ine ndinkangoyang'ana mayi wondibala ngati mlendo amene watsika basi yolakwika. Mbewa zija, nkhumba ija, kamphika ka kuseri kwa khitchini, zonse zinabwera nthawi imodzi.

Kenako ndinafunsa chimene chinkandiwotcha. "Mawuwo akutanthauza chiyani? Muli dzina la munthu?"

"Dzina la ndani?"

"Muli za mdani wa m'nyumba? Za dzanja lodyetsa? Za mankhwala m'madzi?"

Anandiyang'ana ngati ndapenga. Nditamufotokozera zonse anagwira pakamwa, kenako anaseka mpaka kutsokomola, kenako analeka kuseka atasuzumira pawindo n'kuona alamu pansi pa mtengo uja.

"Aneba, ine Chiarabu sindichidziwa choti n'kugulira tomato. Koma pemphero ili tanthauzo lake amatiphunzitsa. Ndi kutamanda Mulungu mwini zonse, wachifundo, mwini tsiku la chiweruzo, ndi kumupempha kuti atitsogolere m'njira yowongoka. Basi. Mawu ake sasintha. Ndi omwewo kuno, ku Lusaka, kulikonse. Madziwo ndi kudziyeretsa tisanapemphere, tonse timatero."

"Ndiye mumapemphera m'chilankhulo chimene simulankhula? Ine ndinkayesa Chiarabu ndi cha amwenye a m'masitolo."

"Amwenye ali ndi chawo cha kunyumba. Nawonso Chiarabu amachita kuchikhetsera thukuta ngati ife. Buku lathu linatsika m'Chiarabu chifukwa mneneri wathu anali Mwarabu, ndiye popemphera timalisiya mmene linabwerera. Ashehe amatimasulira m'Chinyanja kuti timve. Amatiuza kuti Mulungu sanatumepo mneneri wolankhula zoti anthu ake asamve. Mose analankhula cha kwawo, Yesu mwana wa Maria cha kwawo."

"Mumamudziwa Maria?"

"Iii, aneba! Mukuyesa ndi wa ku parishi kwanu kokha?"

Ndinakumbukira pamenepo kuti atate anga, amene anatumikirapo pa Misa ali mnyamata, ankaimba nyimbo za Chilatini akulima, osadziwa tanthauzo la liwu ndi limodzi lomwe, koma akafika pena ankavula chipewa. Ndinakumbukiranso bambo mfumu wina akutiuza kuti Ambuye Yesu sankalankhula Chilatini kapena Chizungu, ankalankhula chilankhulo cha kwawo chotchedwa Chiaramu, ndipo mawu ake ena anawasiya momwemo m'Baibulo osawamasulira. Nthawi imeneyo ndinangomva ngati nkhani ya m'kalasi. Tsopano inali pamphasa m'nyumba mwanga.

Ndinathamangira kuseri kukauza alamu. Anamvetsera, manja ali m'lichero. Anangoti, "Achimwene anu sakamva za mkazi wachisilamu." Ndinabwerera kwa aneba n'kuwagwira mwendo. "Loweruka mubwere." Anazengereza, anati nkhani za banja la eni zimatentha, amuna awo sangakonde. Ndinati, "Ana a mayi uja atsala opanda mayi." Anati aona.

Loweruka m'mawa anthu anadzaza pakhonde. Kunabwera achimwene ndi mneneri wawo, malume awo a alamu ndi mkulu wina wa kwawo, ndiponso atate aang'ono, mng'ono wawo wa malemu atate athu, nkhalamba yoyendera ndodo imene inali isanawaone amayi chidwalireni. Alamu anakhala pansi pambali, chikwama cha zovala chili kale pafupi. Amayi tinawatulutsa n'kuwatsamiritsa kukhoma. Anali ataonda, maso atalowa.

Achimwene atayamba kufotokoza, geti linalira. Aneba analowa atafunda mpango wawo.

"Uyu ndiye ndani?" anafunsa achimwene.

"Ndi mlendo wanga. Akudziwa zimene amayi amanena."

"Watibweretsera Msilamu pa nkhani ya banja? Mlongo wanga, mutu uli bwino?"

"Pano ndi pakhomo panga, achimwene. Inu munabwera ndi womasulira wanu, ine sindinamubweze pageti. Uyu ndi wanga."

Malume a alamu anati, "Musiyeni. Ife tabwera kudzamva mlandu wa mwana wathu, timve zonse."

Ndinapempha chinthu chimodzi: kuti achimwene atsuke beseni okha, atunge okha madzi pampopi anthu onse akuona, ndipo alole alamu kuwasambitsa amayi kamodzi kokha. Anang'ung'udza, koma anachita. Alamu atayandikira, amayi anatambasula dzanja n'kuwagwira tsaya. Anasamba mwa dongosolo lija. Asanatsegule pakamwa, aneba anayamba ndi iwo, mzere umodzi, n'kuima. Amayi anabwereza n'kuwonjeza wotsatira. Aneba anatenga wina, amayi wina, akulandizana ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi.

Ine ndinati, "Achimwene, ngati uwu ndi uthenga watsopano wochokera kwa angelo wonena za alamu, mayi uyu waudziwa bwanji usanatuluke?"

Achimwene anayang'ana mneneri. Bamboyo anapukuta nkhope ndi thaulo lake n'kunena modekha kuti, "Mizimu imadziwana. Wa mwa uyu ndi wa mwa uyu ndi amodzi. Apa ndiye mwaonjeza umboni."

Ndinaona achimwene akugwedeza mutu kuvomereza. Aneba anayamba kudzuka, nkhope itasintha, akuti, "Ine mwandiitanira kudzatukwanidwa?" Alamu anatambasula dzanja kutenga chikwama chawo.

Pamenepo ndodo inagunda pansi. Anali atate aang'ono. Chiyambireni mawu aja anali atawerama, chipewa chili pamaondo, ndipo nditawayang'ana bwino ndinaona kuti akulira.

"Khalani pansi, mayi," anauza aneba. Kenako anatembenukira kwa achimwene. "Iwe, mizimu yake iti? Nyimbo imeneyi ine ndinaimva iwe usanabadwe."

Tonse tinatembenukira kwa iwo, ndipo anapitiriza.

"Ndinali kamnyamata kobusa ng'ombe pamene akulu anga anabwera ndi mkazi uyu kuchokera ku Malawi. Anafika atafunda kumutu ngati mayi uyu. Anali mwana wa mphunzitsi wa kumzikiti. Kwawo anamukana chifukwa chothawa ndi Mkhristu, anamuuza kuti asadzapondenso. Kuno amayi athu anati m'mudzi muno simulowa za Asilamu. Anaphunzira katekisimu, anabatizidwa, anamanga ukwati kutchalitchi. Koma miyezi yoyamba ndinkamupeza kuseri kwa nkhokwe ndi kachikho ka madzi, akusamba, akuimba zomwezi chapansipansi. Tsiku lina amayi athu anamupeza. Anamukokera pabwalo, anthu akuonerera, n'kumulumbiritsa kuti mawu amenewa asadzatulukenso pakamwa pake, apo ayi abwerere kumene anachokera. Kobwerera analibe. Akulu anga anatiuza tonse kuti ana asadzamve. Onse odziwa nkhaniyi anatha, ndatsala ndekha."

Anapukuta m'maso ndi chipewa. "Anasunga lumbiro lake mpaka imvi. Lero matenda amulanda mawu onse, amusiyira okhawo amene tinamuletsa. Ndiye iwe ukufuna uthamangitse mkazi wina pa nyimbo yomweyo?"

Ine ndinkangoyang'ana amayi. Zaka zonse zija akusesa tchalitchi, akutiphunzitsa kugwada, anali ndi pemphero lina lotsekeredwa m'chifuwa, ndipo ine mwana wawo wamkazi, amene ndinkagona nawo mphasa imodzi, sindinamvepo ngakhale kunong'ona kwake. Korona anali chigwirire m'dzanja lamanzere, dzanja lomwelo limene anapukutira kumaso.

Mneneri anayamba kunena kuti nthawi zina mzimu umalankhula ziwiri pakamodzi. Malume a alamu anamudula. "Abusa, angelo anu aphunzira kumzikiti? Tatiyeni muzipita, dzuwa lingakutentheni ndi sutiyo." Mneneriyo anatuluka yekha, palibe anamuperekeza.

Achimwene anagwira mutu. Kenako anati, osayang'ana munthu, "Amake mwana, bwezani chikwamacho m'nyumba."

Alamu sanasunthe. "Mwanditchula mfiti pamaso pa anthu. Ana anga kumudzi amva kale. Kumpopi kuno azimayi amachotsa zidebe zawo ndikafika. Ndiye mungoti bwezani chikwama?"

"Ndinalakwa."

"Musauze ine. Mukauze kumene munakanena."

Akuluakulu anagamula kuti achimwene akaimirire pamaso pa mudzi n'kubweza mawu awo, ndiponso apite kwawo kwa alamu ndi mbuzi yopepesera. Anavomera mutu uli pansi. Alamu anadzuka, anatenga chikwama, ndipo kwa kanthawi sindinadziwe ngati alowera kugeti kapena kukhomo. Anaima pakati pa bwalo. Amayi anatulutsa kaliwu, kopanda mawu, akuwayang'ana.

"Ndikhala," anatero alamu. "Osati chifukwa cha inu, abambo. Chifukwa cha ana anga, ndi awa amene sanadye."

Anaponya chikwama pakhomo n'kulowa kukhitchini. Posakhalitsa anatuluka ndi phala la nshawa, anathiramo uchi wa aneba uja, n'kukhala pamphasa. Amayi anatsegula pakamwa asanauzidwe. Anamaliza mbale yonse, alamu akuwakalipira kuti, "Pang'onopang'ono, amayi, mutsamwa, andinenanso ine."

Amayi anakhala nafe mpaka mvula yotsatira. Chinyanja sichinabwerere. Masana aneba ankasiya makina awo n'kubwera kudzalandizana nawo mawu aja, madzulo ine ndinkapemphera korona iwo akusuntha mikanda. Nditafunsa bambo mfumu ngati ndikuchimwa kulola zimenezi m'nyumba mwanga, anandifunsa kuti, "Akatha kupemphera amakhala bwanji?" Ndinati amagona mwamtendere. Anati, "Ndiye musawatsekenso pakamwa kachiwiri." Anadzawadzoza mafuta a odwala, ndipo atamwalira tinawaika ku Chiparamba pambali pa atate, mwa Chikatolika, monga anakhalira. Aneba anakwera nafe lole ya maliro, anakhala ndi amayi a mumphakati usiku wonse.

Mpaka lero ndikadutsa pafupi ndi mzikiti n'kumva kamvekedwe kaja, ndimaima kaye, katundu ali pamutu. Sindimva liwu ndi limodzi lomwe. Ndimangodziwa kuti amayi anga anali kamtsikana kenakake kamene sindinakadziwe, ndipo ndimathokoza Mulungu kuti anandionetsako asanawatenge.

Alamu ali kumudzi ndi ana awo onse. Wamng'ono uja anayamba sukulu, amamuperekeza okha. Achimwene mbuzi anapereka, mawu anabweza pabwalo, koma mpaka pano akadwala chimfine n'kupempha madzi akumwa, alamu amawalozera mtsuko n'kunena kuti, "Katungeni nokha, abambo. A m'manja mwanga muli zinthu."